Ndinali Mwana wa Mpandu wa ku Oklahoma

1

Dzina langa ndine Twila Tillery. Amene munavinapo nyimbo za kantire, zija za oweta ng'ombe a ku America, m'mabala a ku Texas, dzina lachiwirilo si lachilendo kwa inu. Royce Tillery, uja ankamutcha Mpandu wa ku Oklahoma, ndi bambo anga ondibereka.

Masiku amenewo oyimba anali pawiri. Kunali aja a mumzinda wa Nashville, ometa bwino, a masuti onyezimira, oyimba chilichonse chimene mabwana a kampani awapatsa. Ndiye kunali enawa a ndevu ndi tsitsi lofika m'mapewa, okana kulamulidwa, amene anthu ankawatcha apandu. Koma ambiri mwa iwo upandu wawo unkathera pa chipewa chakuda ndi botolo la wisiki. Adadi ankawaseka kwambiri.

"Uyo ndende amangoionera pa kanema," ankatero akuloza mnzawo ndi ndudu. "Mutamutsekera tsiku limodzi lokha angalire kuitana mayi ake."

Iwo anali ndi ufulu woseka, chifukwa ndendeyo anailawa. Aliyense ankadziwa zimenezo. Sankatchula kuti inali ndende iti, ndipo atolankhani akawapanikiza ankangoyang'ana pansi n'kunena mawu amodzimodzi: "Ndinachotsa moyo wa munthu, ndipo zaka zisanu zinalipiridwa. Zinazo mverani m'nyimbo."

M'nyimbomo munalidi zonse. Munali mawaya aminga, belu la m'mawa, nyemba zozizira, phokoso la makiyi a woyang'anira akaidi. Yotchuka kuposa zonse inali "Sopo wa Boma." Imanena za munthu amene akuchapa mulu wa zovala za akaidi anzake, manja atasupuka, fungo la sopoyo litamulowerera m'thupi moti akudziwa kuti ngakhale adzatuluke silidzamuchoka. Ndinaonapo amuna a zifuwa ngati zitseko akulira ngati ana nyimboyi ikayamba. Ikatha ankabwera kudzawagwira adadi dzanja.

"Achimwene, inu mukuidziwa. Munthu amene sanalowemo sangapeke zimenezi."

Ine ndinkaima pambali ndikunyadira.

2

Za amayi ndinkangodziwa dzina lawo, Oleta, ndi nyimbo imodzi.

Ndinaleredwa ndi agogo, mayi awo a adadi, pa kafamu kouma kumadzulo kwa Texas. Ndikafunsa za makolo anga, agogo ankati, "Bambo ako ali kutali, adzabwera. Za winayo usandifunse." Adadi anabweradi ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atavala jekete lachikopa, n'kunditenga. Kuyambira pamenepo kwathu kunali m'basi ya gulu lawo loyimba. Kuwerenga ndinakuphunzirira pa zikwangwani za m'misewu, kugona ndinkagona pakati pa mabokosi a magitala.

Winayo ndinamudziwira mu nyimbo yakuti "Sunadikire." Nyimboyo imati mwamuna atangomangidwa, mkazi wake anasiya khanda pakhonde la apongozi ake n'kukwera thiraki ya mwamuna wina yopita ku California. Nditafika zaka khumi ndi zisanu adadi anandikweza pa nsanja kuti ndiziwathandiza kuiyimba. Ankandiloza ndi gitala.

"Khanda lija ndi ili, abale anga. Taonani mmene lakulira popanda iye."

Anthu ankakuwa, ena kutukwana mkazi amene sanamuonepo. Ine ndinkayimba ndi mtima wonse. Ndinkafuna kuti kulikonse kumene ali andimve pa wailesi, chakudya chimukanike pakhosi.

Nditakula ndinakhala chilichonse cha adadi. Ndinkapangana ndi eni mabala, kuyendetsa basi dalaivala akaledzera, kugulitsa zimbale ndi malaya, kuwabisira mabotolo. Panali mwamuna wina, Lyle, wokonza mathirakitala ku Lubbock, amene anandikonda zenizeni. Anandidikira nthawi yaitali, kenako tsiku lina anandikhazika pansi.

"Twila, ine ndikufuna kukwatira iwe, osati basi ya bambo ako. Tsika, timange banja. Akuluwo adziona okha."

"Mkazi mmodzi anawathawa kale," ndinamuyankha. "Ine sindikhala wachiwiri."

Lyle anakwatira wina chaka chotsatira. Ndinalira, koma ndinkadzitonthoza kuti ndachita zimene amayi analephera.

3

Adadi sankakonda kuyimba ku Oklahoma, ngakhale kuti dzina lawo linali la komweko. Ankati kumawakumbutsa zowawa. Koma atayamba kukalamba oitana anachepa, ndipo titaitanidwa ku chiwonetsero cha zaulimi m'katauni kena kumeneko, ndinavomera osawafunsa. Apa n'kuti ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

Anayimba masana, dzuwa likuswa mtengo, fungo la ndowe za ng'ombe litasakanikirana ndi la nyama yootcha. Atatha anakagona m'basi. Ine ndinali patebulo langa la malaya pamene panafika mayi ena onenepa, a imvi, oyendera ndodo. Sanagule kanthu. Anangondiyang'anitsitsa.

"Ndiwe Twila iwe," anatero. "Chipumi chimenecho ndingachizindikire pena paliponse. Ine ndine Bernice."

"Tinakumanapo, mayi?"

"Ayi. Koma dzina lako ndinalimva mpaka kutopa nalo. Tandiuza, bambo akowo amadumphiranji ndime yachitatu ya nyimbo ya sopo ija?"

"Ili ndi ndime ziwiri zokha."

"Zitatu, mwanawe. Ndinalipo ikupekedwa."

Ndinaseka mwaulemu. Anthu otere ndinali nditawazolowera, aliyense amafuna kadzina pa munthu wotchuka. Ndinawauza kuti adadi anaipekera kundende ya amuna, kumene iwo sakanakhalako.

Sananditsutse. Anatsamira ndodo yawo n'kuyamba kuyimba chapansipansi, ndi mawu osasa a munthu wosuta. Chuni chinali chomwe chija. Mawu okha ndi amene ndinali ndisanawamvepo.

Mkaka ukudzitulukira wokha,
diresi la boma lanyowa.
Twila wanga akulira kwina,
ine ndili kuno kuchapa za eni.

"Mwamuna angayimbe zimenezo?" anandifunsa. "Ndinachapa limodzi ndi mayi ako zaka zitatu, kundende ya amayi. Ine anandimangira macheke abodza, sindibisa. Iye ankayimba kuti asachite misala. Ndinkayesa ukudziwa."

Ndinakhala pa katoni ya malaya.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, ndipo njira ndikulongosolera. Koma zambiri usandifunse ine. Kafunse uja woyimba gitala yogoneka pamiyendo, amene wangondiona n'kukabisala kuseri kwa basi."

4

Amalume Hoyt, a gitala yogoneka aja, sanali abale athu, koma anayimba ndi adadi kuyambira ndisanabadwe, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato. M'mawa mwake ndinawatengera kumalo odyera a m'mbali mwa msewu. Anaitanitsa mazira ndi khofi, koma sanazikhudze.

"Ndinkadziwa kuti tsikuli lidzafika," anatero. "Ndinkangopempha kuti lidzandipeze nditafa."

"Nenani, amalume."

"Makolo ako ankayimba limodzi. Kunena zoona, mawu anali kwa mayi ako, ndipo nyimbo ankapeka ndi iyeyo. Royce anali ndi nkhope ndi mwano. Tsiku lina tikuchokera ku ukwati kumene tinakayimba, Royce anaumirira kuyendetsa ataledzera. Ine ndinali kumbuyo kwa pikapu ndi zida. Pa kona ina anagunda mkulu wina amene ankasintha tayala m'mbali mwa msewu. Anafera pomwepo."

"Ndiye anamangidwa."

"Akanamangidwa. Anali atagwidwapo kale akuyendetsa ataledzera, ndipo ulendo umenewu akanaolera m'ndende. Anagwada mumsewu akulira. Anamuuza Oleta kuti iwe ulibe mlandu wina, uli ndi khanda loyamwa, palibe woweruza amene angakutsekere. Apolisi atafika anapeza Oleta atakhala pa chiwongolero."

Anazunguza kapu ya khofi patebulo.

"Koma womwalirayo anali mkulu wa mpingo, wodziwika dera lonselo, ndipo m'galimoto anapezamo botolo lotsegula. Woweruza anati akufuna apereke chitsanzo. Zaka zisanu. Iwe unali usanayambe n'kuyenda komwe."

"Inu munali pomwepo. Simunanene kanthu?"

"Sindinanene." Sanandiyang'ane. "Poyamba Royce ankapita kukamuona. Oleta ankamuyimbira nyimbo zimene wapeka, monong'ona, m'chipinda chochezera alendo, ndipo iye ankabwera nazo kubala. Kenako tinasamukira ku Austin, kumene kunalibe wotidziwa. Tsiku lina anayimba ya sopo ija, bala lonse linangoti zii. Itatha, bwana wina wa kampani ya zimbale anamuyandikira n'kumufunsa kuti, unakhalamo zaka zingati, mnyamata? Ndinamuona Royce akutsegula pakamwa. Ndinkayesa anena kuti ayi bwana, ndi mkazi wanga. Anati, zokwanira, bwana."

Mayi woperekera zakudya anabwera kudzafunsa ngati tikufuna china. Tinadikira kuti achoke.

"Kuyambira tsiku limenelo Oleta anasanduka munga. Mpandu sangakhale ndi mkazi amene akumugwirira ukaidi. Anasiya kupita kukamuona, anathetsa ukwati, khoti linamupatsa iweyo chifukwa mayi ako anali mkaidi. Agogo ako ankadziwa, koma mwana ndi mwana. Kenako Royce anapeka ija ya mkazi wothawa, kuti wina asadzafunse kuti mayi wa mwanayu ali kuti."

"Ndipo inu mumaiyimbira gitala tsiku ndi tsiku."

"Ndimaiyimbira, mwana wanga. Ndi chifukwa chake ndimayimba nditawerama."

5

Kanyumba ka amayi kanali koyera, penti atayamba kusupuka, kumbuyo kuli mashedi a mbande za tomato ndi tsabola zimene ankagulitsa. Ndinapeza mayi wochepa thupi, atavala malaya achimuna, akuthirira ndi paipi. Chipumi chinali changa.

"Ndikuthandizeni?" anatero. Kenako anaima. Paipi inagwa pansi, madzi akungotuluka, kunyowetsa nsapato zawo. "Twila."

Njira yonse ndinkakonza zonena. Zonse zinandithawa.

"Lowani m'nyumba," anatero. "Kunja kuno kukutentha."

Anandikhazika pampando wabwino wa pabalaza, wa alendo. Anathira tiyi wozizira m'matambula.

"Shuga ndimathira wambiri, mundikhululukire. Kaya inu mumakonda bwanji."

"Amayi, musanditchule inu. Ndine mwana wanu."

"Ndiyesetsa. Pakamwa sipanazolowere."

Ndinayang'ana khoma, mashelefu, pamwamba pa kabati. Panalibe gitala, panalibe wailesi. Kenako funso limene linandikulira m'mimba kuyambira ndili mwana linatuluka lokha.

"Simunabwere bwanji kudzanditenga?"

"Ndinabwera. Nditangotuluka ndinakwera basi mpaka ku Austin. Royce anakumana nane pamalo oimika magalimoto, sanafune ndifike kunyumba. Anati mwana akudziwa kuti mayi ake anathawa, akudya bwino, ali ndi nsapato. Anati ukaulula, ine andimanga, iwenso akubwezera konko chifukwa unanamiza khoti, mwana atengedwa ndi boma. Ndinalibe loya, ndinalibe pogona, katundu wanga yense anali m'thumba la pepala. Ndinamukhulupirira. Si kanali koyamba kumukhulupirira."

"Ndiye zaka zonsezi simunandione?"

"Ndinakuonanipo... ndinakuonapo kamodzi. Ku Tulsa, uli mtsikana. Ndinaima kumbuyo kwenikweni, ndinakumva ukuyimba ija ya mkazi wothawa. Mawu uli nawo abwino, umadziwa popumira. Zitatha ndinabwera patebulo lako, ndinagula malaya. Unati, zikomo mayi, muyende bwino."

Ndinayesa kukumbukira nkhope yawo pakati pa nkhope zikwizikwi zimene zinadutsa patebulo limenelo. Sinabwere.

"Mukanangonena kuti ndine mayi ako."

"Ndinabwera kudzanena zimenezo. Koma ndinaona mmene unkayimbira. Sunkayimba ngati wouzidwa."

Sindikudziwa mmene ndinachokera pampando. Ndinapezeka ndagwada, mutu uli pamiyendo pawo, ndikulira ngati wamng'ono. Manja awo anakhala m'mwamba nthawi yaitali, osadziwa pofikira. Kenako anatera pa tsitsi langa.

Nditatonthola ndinawafunsa ngati siziwapweteka kuti nyimbo zawo zikudziwika ndi dzina la wina.

"Poyamba zinkandipweteka. Ndikazimva m'sitolo, ndinkasiya dengu n'kutuluka. Koma imodzi yokha ija ya ine anapekadi yekha, ndipo si yoipa ayi." Anamwetulira pang'ono. "Royce akamanama ndi pamene luso limamubwerera."

6

Adadi ndinawapeza pakhonde la nyumba yawo kunja kwa Austin, akupolisha nsapato zawo zazitali, galu atagona kumapazi kwawo.

"Unali kuti? Foni yakhala ikungolira, ine sindidziwa zowayankha anthuwa."

"Ndachokera kwa amayi."

Burashi inaima. Anayang'ana kutali, kumsewu.

"Hoyt," anatero. "Galu wokalamba uja."

"Adadi, munagonapo m'ndende inu?"

"M'chitokosi. Kawiri. M'mawa ankanditulutsa." Anaika nsapato pansi. "Ukuganiza kuti ine sindinavutike? Nkhope ya mkulu uja ndimaiona tsiku lililonse. Ndende si mawaya okha, Twila."

"Mawu amenewo kaikeni m'nyimbo, anthu akakuombereni m'manja. Ine musandiuze."

"Tamvera. Nyimbo zija zikanafera m'chipinda chochapira. Masiku amenewo ndani akanamvera mkazi wochokera kundende? Akanamuponyera mabotolo. Ine ndinazitulutsa, ndinazipatsa moyo. Zinakudyetsa iwe, zinakuveka. Ndipo palibe amene ndinamunamiza kuti ululu wake ndi wabodza. Ululuwo ndi weniweni."

"Weniweni, koma si wanu."

"Woyimba aliyense amabwereka."

"Munandiimika pa nsanja kuti ndizitukwana mayi anga, iwo ataima kumbuyo akumva."

Anasisita galu mutu nthawi yaitali.

"Anthu ankaikonda," anatero potsiriza, mawu ali pansi.

Mwezi wotsatira kunali mwambo waukulu ku Austin wowalemekeza, oyimba achinyamata ambiri akudzayimba nyimbo zawo. Ine ndemwe ndi amene ndinauthamangira mwambowo. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha.

"Sindikunena kuti mukaulule zonse. Mukangonena kuti nyimbo za kundende anapeka ndi Oleta. Basi. Mukatero ine ndikhala nanu mpaka kumanda."

Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mantha m'maso mwa munthu amene ndinkayesa saopa kanthu.

"Ndikatero ndatsala ndi chiyani, mwana wanga? Ndikhala nkhalamba ya chipewa chakuda basi, ngati onse aja ndinkawaseka."

Ndinatulutsa makiyi a basi m'chikwama n'kuwaika patebulo. Nditafika pa galimoto ndinamva akundiitana. Mtima unadumpha, ndinatembenuka.

"Twila, mapilisi anga a mtima aja umasunga pati?"

"M'kabati ya kumanzere, adadi, kuseri kwa mchere."

Ndinalowa m'galimoto.

7

Ndinasamukira ku Oklahoma, m'kachipinda ka amayi kosungiramo matumba a dothi. Ndinkafuna kupita kwa atolankhani sabata yomweyo, koma anandiletsa.

"Ndinakhala zaka zisanu anthu akundiyang'ana ngakhale posamba. Maso a anthu sindiwafunanso. Ndikadzafa udzachite zimene ukufuna."

Mwambo uja unachitika. Amalume Hoyt anandiuza pa foni kuti adadi analira pa nsanja, n'kunena kuti ulemuwo akuupereka kwa anzawo onse amene adakali mkati. Holo yonse inaimirira. Amalumewo anati atafika kunyumba anaika gitala yawo m'bokosi, ndipo sanaitulutsenso.

Ine ndi amayi tinayamba kuphunzirana ngati anthu amene akumana m'basi. Ndinadziwa kuti sadya anyezi, kuti sagona chitseko chili chotseka, kuti amaseka mpaka kutsamwa akaonera pa kanema amuna okwera ng'ombe zolusa akugwa. Iwo anadziwa kuti sinditha kuphika china chilichonse koma mazira. Anandiphunzitsa kuokera mbande osathyola mizu. Ankandifunsa tinthu ting'onoting'ono, kuti dzino loyamba linaguluka liti, chipsera cha pabondo ndinachipeza bwanji, ndani anandiuza zoyenera kuchita nditakula chinamwali. Ndikayankha ankangogwedeza mutu, n'kupita kunja kukathirira mbande zimene anali atathirira kale.

Ndinawapempha kambirimbiri kuti andiyimbire.

"Mawu anatsalira kundende konkuja," ankatero.

Tsiku lina ndinawamva akung'ung'udza chuni china potsuka mbale, chimene sindinachimvepo. Ndinaima pakhomo osapuma n'komwe. Thabwa la pansi linalira, ndipo anasiya.

Chifuwa chimene ankati n'cha fumbi la dothi sichinali cha fumbi. Pamene ndinawakakamiza kupita kuchipatala, dokotala anati matendawo afalikira kale. Tinakhala limodzi nyengo imodzi ya tomato ndi chisanu chimodzi. Ndi m'chipatala mmene kunditchula inu kuja kunatheratu. Ankati, "Twila, iwe, tanditembenuza," ndipo ine ndinkachedwa dala kuti anenenso.

8

Pamaliro tinali ochepa. Mayi Bernice, amalume Hoyt, anthu a nyumba zoyandikana, makasitomala angapo a mbande ndi abusa. Bokosi litatsitsidwa ndinaona munthu ataima patali, pansi pa mtengo, chipewa chakuda chili m'manja. Anali adadi. Anali ataonda, jekete likuwalendewera.

Anayamba kuyenda kubwera kumanda. Ndinagwira mkono wa amalume Hoyt. Ndinadziuza kuti abwera kudzanena, ngakhale kwa dzenje lokha, ngakhale kwa ife ochepafe. Ndinali wokonzeka kuwakhululukira, Mulungu ndi mboni.

Atatsala pang'ono kufika, mmodzi mwa anthu a kampani yoika maliro, bambo wa imvi zapatalipatali, anawatsekera njira.

"Pepani bwana, si inu a Royce Tillery? Ndikudziwa kuti pano si malo ake, koma mkulu wanga anakhalapo mkati, ndipo amati ya sopo ija ndi imene inamusunga. Amati ndinu nokha weniweni. Mungandisainire?"

Analibe pepala lina. Anawapatsa kapepala ka mwambo wa maliro, kamene panali chithunzi cha amayi.

Adadi anandiyang'ana. Anayang'ana chithunzicho. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinkayesa anena. Kenako analandira cholembera, anatembenuza kapepalako, n'kulemba dzina lawo kumbuyo, ndi mchira wautali uja amaukoka nthawi zonse.

"Ukawauze achimwene akowo alimbe mtima," anatero.

Anavala chipewa n'kubwerera ku galimoto. Kumandako sanafike. Limenelo ndi tsiku lomaliza kuwaona.

Owerenga anzanga, kwathu kuno anthu amakangana mpaka kumenyana m'mabala, kuti woyimba uyu ndi mpandu weniweni, uyu ndi wongovala. Amawerengera ndevu, mabotolo, milandu, ndi mabwana amene munthu anawatukwana. Inenso ndinakanganapo, ndipo ndinkapambana nthawi zonse, chifukwa ndinali mwana wa weniweniyo.

Lero sindikangananso. Pa moyo wanga ndadziwa munthu mmodzi yekha amene anaphwanyadi lamulo maso ali gwa, ananamiza khoti chifukwa cha chikondi, analipira ndi unyamata wake ndi mwana wake, ndipo m'kati mwa zonsezo anapeka nyimbo zimene zimaliza amuna mpaka lero. Analibe chipewa. Ankagulitsa mbande za tomato, ndipo akamva nyimbo zake m'sitolo ankatuluka.

Adadi adakali moyo, ndipo akuyimbabe m'timabala ting'onoting'ono. Akawerenga izi adzati ndawapereka, ndipo mwina ena a inu mudzatero. Sindinasiye kuwakonda, ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Koma mukadzamva munthu akuyimba mokoma za mabala ake, ombani m'manja, palibe choletsa. Mungofunsa mumtima kuti magaziwo anali a ndani.

Asanakwatiwe, dzina lawo linali Oleta Mae Ridley. Ndi iwo anapeka nyimbozo.